Mafunso Anu: Mfuti Yopangitsa kwa Mmisiri Kapena ya ku Fakitale?

Makalata ambiri amene tawalandira ulendo uno akukhudza nkhani imodzi: mfuti yosakira imene mlenje amachita kupangitsa kwa mmisiri, poiyerekeza ndi ija amangoitulutsa m'bokosi kuchokera ku fakitale. Tasankhapo asanu ndi imodzi, ndipo ena tawadula kuti akwane pa tsamba.

Funso: A Mkonzi, ndili ndi mfuti ya ku fakitale yowomba zipolopolo za mtundu wa .308 Winchester. Ndikaikhazika pa tebulo pa mtunda wa mamita 100, zipolopolo zitatu zimagwa pamalo osapitirira masentimita 3. Mnzanga akuti yake yopangitsa imalasa bwino kuwirikiza kawiri, ndipo akuti ndikungozunza nyama. Ndiigulitse?

Yankho: Musaigulitse, bambo. Mnzanuyo mwina sakunama pa za mfuti yake, koma pa za yanu walakwitsa.

Tiyambe ndi muyezo. Opanga mfuti amayeza kalasidwe ndi MOA, ndipo MOA imodzi ndi masentimita 2.9 pa mamita 100, 5.8 pa mamita 200, ndi 8.7 pa mamita 300. Yanuyo ili pa MOA imodzi. Ya mnzanuyo tinene kuti ili pa theka. Pa mamita 300, chipolopolo chanu chosochera kwambiri chigwa masentimita 4 ndi pang'ono kuchokera pakati pa gulu la mabowo, chake chigwa masentimita 2. Kusiyana konseko ndi kunenepa kwa chala chachikulu. Pamene malo a mtima ndi mapapo a nyama yonga nswala ndi masentimita 20 kapena chapompo.

Ndiye onjezani zimene zimachitikadi kutchire. Kamphepo ka makilomita 16 pa ola kowomba cham'mbali kamakankha chipolopolo cha .308 pafupifupi masentimita 20 pa mamita 300 omwewo. Mlenje amene wayenda maola atatu, mtima uli thi thi thi, mfuti yatsamira pa ndodo, amagwedeza mpope wa mfuti kuposa pamenepo. Masentimita awiri aja amamira m'zimenezi osaoneka n'komwe.

Kale mnzanuyo akanakhala ndi mfundo yolimba, chifukwa mfuti ya ku fakitale yolasa pa MOA imodzi ndi theka kapena ziwiri inkatengedwa kuti ili bwinobwino. Makina osema zitsulo oyendetsedwa ndi kompyuta anasintha zimenezi. Lero Tikka ya ku Finland, ndi Weatherby Vanguard imene zitsulo zake amapanga ndi a Howa ku Japan, zimatuluka ndi lonjezo la MOA imodzi pa zipolopolo zitatu, bola zipolopolozo zikhale zabwino.

Chimodzi chokha tikudzudzuleni: zipolopolo zitatu n'zochepa, gulu lotero limatha kungokhala lamwayi. Wombani magulu anayi a zipolopolo zisanu zisanu, mukudikira mpope uzizire pakati pake. Gulu lidzakula ndithu, ngakhale la mnzanuyo. Ndipo chipolopolo chofunika koposa ndi choyamba, chotuluka mu mpope wozizira, poti nyama imalasidwa ndi chimenecho. Khomani pepala limodzi, muziwombera chipolopolo chimodzi chokha pa tsiku kwa masiku asanu, pepala lomwelo. Mabowo asanuwo akakwana pansi pa chikhatho chanu, mfutiyo ilibe mlandu.

Funso: Ngati zili choncho, munthu amalipirira chiyani kwa mmisiri ndalama zokwana kugula mfuti zingapo za ku fakitale?

Yankho: Amalipirira maola a munthu mmodzi pa mfuti imodzi, komanso ufulu wosankha chiwalo chilichonse.

Mmisiri amayamba ndi thunthu la mfuti, chitsulo chija chotchedwa action, mmene imayenda bolt, kachitsulo kolowetsa chipolopolo ndi kutseka kumbuyo kwa mpope. Ambiri amatenga la Remington 700, imene inayamba kupangidwa mu 1962, kapena lina lotengera miyezo yake, chifukwa n'lozungulira ndipo siluvuta kumanga pa lathe, makina osema chitsulo chikuzungulira. Amasema nkhope yake kuti ikhale yolunjika ndi mzere wapakati, amawongola mazinga omangirira mpope, n'kupala mano awiri a bolt mpaka onse akhudze mofanana. Pa mfuti ya ku fakitale zimachitika kuti dzino limodzi ndilo limanyamula katundu yense, linalo lili lende; mukapaka inki kumbuyo kwa manowo n'kutseka bolt kangapo, inkiyo imafufutika pa dzino limodzi lokha.

Kenako mpope. Mafakitale ambiri amasula mpope pouwomba ndi nyundo za makina, chitsulo chili chozizira, mozungulira mtanda wokhala ndi mizere yopota, imene imadindika mkati mwa mpope kuti izizunguza chipolopolo. Njirayi ndi yachangu ndipo imatulutsa mipope yolimba; ya Sako ndi ya Steyr imapangidwa chonchi, ndipo palibe amaiderera. Amisiri amakonda mipope ya makampani aang'ono monga Krieger ndi Bartlein, amene amadula mzere umodzi umodzi pang'onopang'ono, kapena Shilen ndi Lilja, amene amadutsitsa kachitsulo kolimba m'bowo kuti kadinde mizere. Ubwino wa mipope yotere umaoneka mpope ukatentha: wopangidwa mosamala sumapinda, ndiye chipolopolo chachisanu ndi chiwiri chimagwa pomwe chinagwa choyamba. Kwa wowombera mpikisano zimenezi n'zazikulu. Kwa mlenje wowomba kamodzi kapena kawiri, phindu lake ndi lochepa.

Chimene chili ndi phindu lenileni ndi kusankha kapotedwe ka mizereyo. Mfuti zambiri za .243 Winchester zimabwera ndi mizere yozungulira kamodzi pa mainchi 10. Chipolopolo chachitali cholemera magireni 105 kapena 108 (pafupifupi magalamu 7) sichikhazikika m'mpope wotero. Chimafika pa pepala chitapendekeka n'kusiya bowo lotalika m'malo mwa lozungulira. Chimafuna kamodzi pa mainchi 8. Amene akufunadi zipolopolo zoterozo ali ndi chifukwa chomveka chopitira kwa mmisiri.

Pomaliza mmisiri amaboola chipinda cha chipolopolo n'kuyeza headspace, mpata wa pakati pa nkhope ya bolt ndi pamene chigoba, chitsulo chija chosunga wonga, chimatsamira. Pa .308, geji (kachitsulo koyezera mpatawu) imene bolt iyenera kutsekera ndi mainchi 1.630, imene siyenera kutsekera ndi 1.634. Kusiyana kwake ndi mamilimita 0.1, kuchindikala kwa pepala limodzi. Mpatawu ukakula, chigoba chimatanuka. Mumaona kamzere kowala kozungulira chakumunsi kwake, ndipo tsiku lina chimaduka pamenepo, mpweya wotentha n'kubwerera kumaso. N'chifukwa chake ntchito imeneyi si ya wowotcherera zitsulo wamba.

Funso: Ine ndine mayi wamfupi, ndiponso ndine wamanzere. Mfuti iliyonse imene ndagwira imandilemera kutsogolo, ndipo sikopu, galasi lija lolondolera, yandicheka kale pachikope kawiri. Amuna anga akuti ndingozolowera.

Yankho: Mayi, zimenezi si zozolowera. Mwa makalata onse a ulendo uno, yanu ndiyo ikufunadi mmisiri.

Fakitale imasema thabwa la mfuti poganizira munthu wamwamuna wa msinkhu wapakatikati. Mtunda wochokera pa tiriga kufika kumapeto kwa tako la mfuti kawirikawiri ndi mainchi 13.5, amene ndi masentimita 34. Kwa inu n'kutheka kuti pakufunika masentimita 31 kapena 32. Thabwa likatalika, tako la mfuti silikhala m'chikwa cha phewa, limatsetserekera pa mkono. Dzanja lochirikiza limatambasuka mpaka kutopa. Khosi mumalitulutsa kutsogolo kufunafuna chithunzi m'sikopu, ndiye mfuti ikabwerera m'mbuyo mkombero wa sikopu umapeza chikope. Diso liyenera kukhala masentimita 8 mpaka 10 kuchokera pa galasi. Ndipo munthu amene wachekedwa kawiri amayamba kutsinzina ndi kukoka mfuti pansi isanalire. Chizolowezi chimenechi chimaphonyetsa nyama zambiri kuposa mpope uliwonse woipa.

Dziyeseni chonchi, mfuti ilibe chipolopolo: valani malaya amene mumasakira, tsinzinani, kwezani mfuti pa phewa, tsamiritsani tsaya pa thabwa, ndiye tsegulani maso. Mukaona bwalo lonse la sikopu lili mbee, thabwa likukukwanani. Mukaona mdima m'mbali, kapena mukachita kudzutsa tsaya kuti muone, pamwamba pa thabwa pakuchepa kapena sikopu ili patali.

Simukufunika mfuti yatsopano yonse. Savage, Tikka, Ruger ndi ena amapanga mfuti za amanzere, bolt ili kumanzere. Gulani yotero, ndiye mmisiri adule thabwa, aike mphira wofewa kumapeto, akweze potsamira tsaya, ndipo ngati ikulemerabe kutsogolo afupikitse mpope kufika mainchi 20 n'kukonza mlomo wake. Koma musalole kuipeputsa mopitirira. Chipolopolo chomwecho, mfuti ya makilogalamu 3 imamenya phewa ndi mphamvu yoposa ya makilogalamu 4 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mipope yokutidwa ndi carbon imakoma poinyamula m'phiri, pa phewa ndiye imabweza. Kwa inu, mfuti ya 7mm-08 Remington kapena 6.5 Creedmoor yolemera makilogalamu 3.5 ndi sikopu yomwe ingakhale yabwino.

Funso: Mfuti yanga ya .30-06 ili ndi thabwa la mtengo. Nyengo yadzuwa imalasa pakati, mvula ikayamba imalasa m'mwamba chakumanja, ngakhale sikopu sindinaikhudze. Kodi mpope watha?

Yankho: Mpope wa .30-06 umatha pambuyo pa zipolopolo masauzande angapo, ndipo ukamatha gulu limangokula, silisamuka ndi nyengo. Vuto lanu ndi mtengo. Umamwa chinyezi, n'kutupa kapena kupindika pang'ono, ndiye umakankha mpope kuchokera pansi kapena m'mbali. Pamene ukukankha, chipolopolo chimathawira mbali inayo. Yanuyo ikukankhidwa pansi chakumanzere.

Tengani pepala lolimbirapo, mulikulunge pansi pa mpope n'kulitsetsereketsa kuchokera kutsogolo kwa thabwa kubwerera kumbuyo. Pamene lakakamira ndi pamene mtengo ukukhudza. Mukamasula mfuti mudzaona malowo akunyezimira. Palani ndi sandipepa wokulunga pa kamtengo kozungulira mpaka pakhale mpata wa milimita imodzi kapena imodzi ndi theka mozungulira, ndiye mupake vanishi kapena mafuta a thabwa m'ngalandemo. Ambiri amaiwala kupakako, mtengo wopalidwawo n'kumamwa madzi kuposa kale.

Musanachite zonsezi yang'anani masikuluu, poti nthawi zambiri mfuti zonenedwa kuti zatha vuto lake limakhala pamenepa. Awiri aja omanga action ku thabwa la mtengo kawirikawiri amamangidwa pa ma inch-pound (muyezo wa mphamvu yomangira sikuluu) 30 mpaka 35, a mphete za sikopu pa 15 mpaka 18. Kabuku ka wopanga kakanena zina, tsatirani kabukuko. Kumanga ndi mphamvu zonse za mkono kumaphwanya mtengo pansi pa sikuluu ndi kufinya sikopu.

Mankhwala okhalitsa ndi bedding. Mmisiri amaboola mabowo a masikuluu kuti akule, n'kuikamo timapaipi ta aluminiyamu, kotero sikuluu imamanga chitsulo pa chitsulo, mtengo utupe kapena uphwe. Kenako amakumba pang'ono pamene action imagona, makamaka kumbuyo kwa chitsulo cholandira kukankha kwa mfuti, amathirapo guluu wolimba wotchedwa epoxy, amapaka action phula kuti isamatirire, n'kuikhazika mpaka epoxy aume, tsiku lathunthu. Ikachotsedwa imasiya chidindo chake chenicheni. Chimene chimalakwika kwa ochita okha ndi chimodzi: epoxy amalowa m'kabowo kapena m'kangalande ka action kamene sanakatseke ndi dongo, ndipo mfuti imamatirira ku thabwa mpaka kuchita kuswa thabwalo.

Mfuti ili kale kwa mmisiri, muuzeni aonenso zinthu ziwiri. Mlomo wa mpope ukhale wopanda chibanthu, chifukwa mpweya ukatulukira mbali imodzi msanga umapendeketsa chipolopolo. Tiriga ikhale yokhethemuka pa makilogalamu 1.2 mpaka 1.4, mosakoka. Yopepuka kuposa apo ndi ya pa tebulo. Chala chozizira kapena chonjenjemera chimaiwombetsa nthawi isanakwane. Ikasinthidwa, yesani mfuti ilibe kanthu: tsekani bolt mwamphamvu kangapo, gunditsani tako lake pansi, ikani sefute, kokani tiriga, chotsani sefuteyo. Ikakhethemuka yokha ngakhale kamodzi, ibwerere.

Ntchito zinayi zimenezi, kupatsa mpope mpata, bedding, mlomo ndi tiriga, zimapatsa mfuti ya ku fakitale gawo lalikulu la zimene yopangitsa ili nazo, pa kachigawo kochepa ka mtengo wake.

Funso: Ndikukonzekera kukasaka njati ndi chilolezo, pamodzi ndi mlenje wovomerezeka. Ndigule .375 ya ku fakitale kapena ndipangitse?

Yankho: Apa nkhani ya MOA ichoke kaye. Njati imawomberedwa pafupi, nthawi zambiri pa mamita 30 mpaka 80, ndipo mfuti iliyonse yabwinobwino imalasa pa mtunda umenewo. Funso ndi lakuti, chipolopolo chachiwiri chidzalowa m'chipinda pamene manja akunjenjemera, fumbi lili koboo, njati yatembenuka?

Kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa .375 H&H Magnum mu 1912, ndipo m'maiko ambiri a mu Africa ndi muyezo wotsikitsitsa wololedwa pa nyama zoopsa. Chigoba chake n'chachitali chosongokera kutsogolo, motero chimatsetsereka bwino polowa ndi potuluka ngakhale kutentha. Action imene alenje a nyama zoopsa amaidalira ndi ya mtundu wa Mauser 98, ya m'chaka cha 1898. Ili ndi chikhadabo chachikulu m'mbali mwa bolt chimene chimagwira chigoba chikangodzuka m'magazini, osachisiya mpaka chitatayidwa kunja. Pa action zina bolt imangokankha chipolopolo patsogolo pake, chikhadabo n'kudzachigwira potseka. Munthu wamantha akakankha bolt theka n'kuibweza, chipolopolo choyamba chimatsala m'njira, bolt n'kutolanso chachiwiri, mfuti n'kutsamwa. Winchester Model 70 ya mu 1936 inali ndi chikhadabo cha mtundu wa Mauser. Anachichotsa mu 1964, alenje anadandaula kwa zaka zambiri, ndipo anachibwezeretsa m'zaka za m'ma 1990. Brno ZKK 602 ndi CZ 550 za ku Czech nazonso zinatchuka pa chifukwa chomwecho.

Koma ngakhale mfuti ya chikhadabo chotero, yongochoka m'bokosi, musaikhulupirire musanaiyese. Pezani zipolopolo zopanda wonga zoyeserera, zokhala ndi mutu wofanana ndi umene mukasakire, makamaka wa mphuno yaphwatalala, poti ndiwo umakonda kukakamira pa chitunda cholowera m'chipinda. Dzazani magazini, muyendetse bolt mwachangu ndi mwamphamvu mfuti ili pa phewa, kenako pang'onopang'ono, kenako mfuti itapendekeka. Bwerezani maulendo 50. Kukakamira kamodzi n'kokwanira kuti ipite kwa mmisiri, amene adzapale njanji za magazini ndi chitunda chija, n'kukonza kugwira kwa chikhadabo. Imeneyi ndi ntchito ya tupa ndi diso, ndipo fakitale ilibe nthawi yoichita pa mfuti iliyonse.

Aonenso izi. Chitseko cha pansi pa magazini chisatseguke mfuti ikalira, chifukwa zipolopolo zonse zimagwera pa mapazi. Thabwa la mtengo likhale ndi mabawuti opingasa ndi kampata kumbuyo kwa mchira wa action, apo ayi limang'ambika pa khosi. Kolowekera lamba kakhale pa mpope, osati pa thabwa pamene kamacheka dzanja lochirikiza. Sikopu ikhale yokuza pang'ono, kuyambira pa kukuza kamodzi kapena kamodzi ndi theka, pa mphete zochotseka msanga, ndipo zolondolera zachitsulo zikhale zoyesedwa kale pa mamita 50.

Choncho yankho lathu ndi la pakati: gulani ya ku fakitale ya action yoyenera, mupatse mmisiri wodziwa mfuti zazikulu aimalize, ndipo ndalama zotsala zithere pa zipolopolo zoyeserera muli chiimire ndi pa ndodo, osati pa tebulo.

Funso: Ndaganiza zopangitsa basi. Mmisiri akundiuza za chipolopolo chapadera chothamanga kuposa cha m'sitolo. Ndivomere? Nanga ndikadzafuna kugulitsa, ndalama yanga idzabwerera?

Yankho: Pa za kugulitsa, yembekezerani kuluza. Mfuti yosemedwa pa msinkhu wanu ndi zokonda zanu ili ngati suti yosoketsa. Wogula wachiwiri salipira muyezo wa thupi la mwini wake. Zimene zimasunga mtengo ndi za mayina akale odziwika, monga Rigby, Holland & Holland kapena Westley Richards ya ku Birmingham, ndipo pamenepo wogula akulipira dzina, mtengo wa walnut wosankhika ndi zozokota za pa chitsulo.

Chipolopolo chapadera chimatsitsanso mtengowo. Zambiri zotere zimatsata njira ya P.O. Ackley, mmisiri wa ku America amene ankawongola makoma a chigoba ndi kuimiritsa phewa lake pa madigiri 40 kuti mulowe wonga wochuluka. Liwiro limakweradi, koma pang'ono, ndipo nyama siimva kusiyanako. Zigoba mumachita kuziumba nokha poziwombera m'chipinda cha mfutiyo, n'kumadzaza nokha. Mukaiwala bokosi kunyumba, ulendo wathera pomwepo. Chimodzi chimene chinapulumuka ndi .280 Ackley Improved, chimene bungwe la SAAMI la ku America, loika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo, linachivomereza mu 2008, motero chimapezeka chopangidwa kale. Kumbukiraninso kuti wonga wambiri m'bowo laling'ono umapsereza khosi la mpope msanga; n'chifukwa chake mpope wa .308 umakhalitsa kwambiri kuposa wa .300 Winchester Magnum kapena wa .243.

Musanapereke ndalama iliyonse, onani chiphaso cha mmisiriyo, ndipo mufunse ofesi yopereka ziphaso za mfuti ngati kusintha mpope kapena mtundu wa chipolopolo kukufuna kulembetsa mwatsopano. M'maiko ambiri kumafuna. M'maiko otsata malamulo a CIP, bungwe la maiko osiyanasiyana loona za kuyesa mfuti, monga Britain, Germany, Italy ndi Finland, mpope watsopano umayenera kupita ku nyumba yoyesera mfuti, kumene amauwombera ndi chipolopolo champhamvu yoposa ya masiku onse ndi 25 peresenti n'kuudinda chizindikiro. Nyumba yotero ya ku Birmingham inakhazikitsidwa mu 1813. Ku America lamulo lotero kulibe, ndiye zonse zimatsamira pa mmisiri.

Pangano lilembedwe papepala: dzina la action ndi la wopanga mpope, kutalika kwake ndi kapotedwe ka mizere, kulemera kwa mfuti yonse, muyezo wa thabwa, kulemera kwa tiriga, ndi tsiku lomaliza, poti ntchito yotere imatenga miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Lonjezo la kalasidwe linene chiwerengero cha zipolopolo, mtunda, ndi mtundu wa chipolopolo chogulika m'sitolo chimene adzayesere. Mumupatse zipolopolo zitatu zopanda wonga zokhala ndi mutu umene mudzasakire, kuti aboole khosi la chipinda molingana nazo. Tsiku lokatenga, pemphani akuonetseni bolt ikutseka pa geji yoyamba ndi kukana pa yachiwiri, ndipo pepala la chandamale limene anayesera libwere pamodzi ndi mfutiyo.